Che Masheya ndi Banki ya Tayi

Sabata yathayi a mbumba ya Che Anubi anachita sadaka yokumbukira malume awo, ndipo ine anandiitana ngakhale ndine wa ku tchalitchi. Anandiikira mpunga ndi nyama ya mbuzi. Nyamayo ndinangoiyamwa, poti mano anditsalira awiri, nawonso sagwirizana, lina lili m'mwamba kumanzere, lina pansi kumanja. Ndili mkati molimbana ndi fupa, mdzukulu wina wa malemuwo, mayi wophunzira amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anagwada pambali panga n'kundifunsa ngati n'zoona zimene anamva ali mwana, kuti agogo ake anali ndi banki. Ndinatsamwa. Atandipatsa madzi ndinamuuza kuti yankho lake ndi lalitali, ndimulembera. Nali tsono. Ine ndinalekezera sitandade folo pa sukulu ya mishoni ku Malindi, ndiye ophunzira akapeza chilembo chopindika achiwongole okha, asandivute.

Banki analibe. Analibenso njinga. Anali ndi mkanjo umodzi woyera wopitira ku mzikiti, wina wotuwa wa masiku onse, ndi magalasi amene mwendo wake umodzi anaumanga ndi ulusi wa ukonde. Koma kuchokera ku Malindi mpaka pa mlatho wa ku Mangochi, munthu akafuna kugula kanthu kakakulu, kaya boti, kaya injini, ngakhale makina osokera, ankayamba wakhala pansi ndi Che Anubi. Dzina lawolo ambiri analiiwala. Tonse tinkati Che Masheya.

Dzinali analitenga ku Joni, kumene anakhala zaka zambiri akuphikira mzungu wina amene ntchito yake inali kugula ndi kugulitsa masheya. Kwa amene sadziwa, sheya ndi gawo. Monga anthu angapo akasonkherana kugula chilimira, ukonde waukulu uja wa usipa ndi utaka, aliyense amakhala ndi gawo lake, nsomba zikafa amagawana, ukonde ukang'ambika amalira onse. Kumeneko akuti ngakhale banki imagulitsidwa magawomagawo choncho. Mzunguyo ankawerenga mitengo yake m'nyuzipepala pa chakudya cha m'mawa, mokweza, akutukwana, Che Anubi ataima kumbuyo ndi thipoti. Antchito anzawo ankangotolapo kutukwanako. Iwo anatola ndi zinazo.

Matchona ena pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga, wailesi, nsapato zolira. Iwo anatsika basi ndi sutikesi yolemera moti anachita kuinyamula anthu awiri. Mlongo wawo, Abiti Sumani, analulutira njira yonse poganiza kuti muli nsalu. Atatsegula anapeza nyuzipepala zokhazokha. Mkangano wa awiriwa unayambira pa sutikesi imeneyo, ndipo sunapume tsiku ndi limodzi lomwe.

Ine nthawi imeneyo ndinkakhoma maboti a matabwa pagombe. Chingerezi Che Anubi ankachimva ndi khutu, koma powerenga ankadziwa manambala okha ndi zilembo za Chiarabu. Choncho ankabwera pomwe ndinkagwirira ntchito, n'kukhala dala pa thabwa limene ndikufuna kupala, n'kunditambasulira pepala. Ankanditcha Mwalimu, kutanthauza mphunzitsi, pondiseka ndi sukulu yanga yatheka. Ndinkawawerengera maina a mabanki a ku Joni, iwo n'kumatsatira manambala ndi chikhadabo. Nyuzipepala zake zinali za chaka chatha, zina za zaka zapitazo, zina zopempha kwa matchona obwera kumene posinthana ndi chambo chowamba. Tsiku lina ndinawauza kuti manambala amenewa anavunda kale, tikungotaya nthawi. Anandiyankha kuti iwo sakufuna mtengo wa lero, akufuna khalidwe la bankiyo, ndipo khalidwe umaliona bwino pa zimene munthu anachita kale.

Chiphunzitso chawo chinali choti chinthu chikakhala chokha sichidziwika ubwino wake. Banki, ankatero, uziiona itaima pafupi ndi banki inzake, monga amachitira amayi pogula chambo, kugoneka ziwiri pamodzi, kuona maso, kudina pamimba. Komanso chambo uyerekeze ndi chambo, osati ndi kampango. Banki ndi banki, osati ndi mgodi wa golide. Sheya yotsika mtengo ankaikayikira ngati nsomba imene wogulitsa akukuthamangira nayo. Yokwera kwambiri ankati mwina anthu akungogula dzina. Chimene ankafuna kudziwa n'chakuti bankiyo imakongoza ndani, mwa okongolawo obweza ndi angati, ndipo pakutha pa chaka eni magawo amagawana zotani poyerekeza ndi zimene analipira. Banki yokula msanga ankaiopa. Ankati imeneyo ikukongoza aliyense wodutsa pakhomo, ili ngati mwini boti amene akukweza anthu osayang'ana pomwe madzi afika.

Munthu wodzafunsa nzeru sankamuuza kuti gula ichi. Ankamufunsa kuti chinzake chili kuti. Ukabwera ndi nkhani ya injini imodzi ankakubweza kuti ukapeze ina, ubwere nazo ziwiri, ndi shuga wa tiyi. Ambiri ankachoka akung'ung'udza kuti mdalayu amangofuna shuga, koma ankabwerera.

Khalidweli silinathere pa mabanki. Singano yosokera ukonde sankagula asanazungulire masitolo onse a pa Mangochi. Ometa tsitsi awiri a pamsika anawayesa tsiku limodzi, wina mbali iyi ya mutu, wina mbali inayo. Ena amati nkhani imeneyi ndinapeka ine, koma mutuwo ndinauona. Ukwati anachedwa nawo pa chifukwa chomwecho. Anayerekeza akazi awiri a ku Makanjira kwa nthawi yaitali, pomwe ankati atsimikize anapeza onse awiri ali ndi ana kumsana. Abiti Sumani nkhani imeneyi ankaikonda kwambiri, ankaifotokoza ngakhale pamaliro a eni ake.

Chowawa chinali chakuti kuno kwathu masiku amenewo kunalibe msika wa masheya. Munthu ankatha kukasunga ndalama ku banki kapena ku positi ofesi, koma kugula gawo la bankiyo, ayi. Che Anubi anali ngati msodzi wodziwa nyanja yonse amene amukhazika pamwamba pa phiri. Ankati wosunga ndalama ku banki ndi mlendo wogona pakhonde, mwini gawo ndiye amadyera m'nyumba.

Ndiye chaka china usipa unafa wambiri. Amayi a mbumba yawo, Abiti Sumani ndi ana awo aakazi ndi a ang'ono awo, anayanika ndi kugulitsa mpaka ndalama zinayamba kuwasowetsa mtendere. Zina anazimanga m'chitenje, zina anazikwirira m'chitini pamodzi ndi zakale, chiswe n'kulawako. Linali thukuta la zaka zambiri za kupsa ndi dzuwa, ndipo mwa mwambo wathu kuno woliyang'anira anali mwini mbumba, Che Anubi.

Mwezi womwewo a tcheyamani a chipani a dera lathu, a Mtambo, anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anyamata a chipani anaima panjira kuona makhadi a umembala. Pambali pa a tcheyamani panakhala bambo wonenepa bwino wa tayi yofiira, wochokera ku Limbe, ndipo kampani yake tinangoitcha banki ya tayi. Bamboyo analankhula zokoma. Anati mabanki akuluakulu amangosunga ndalama za osauka, koma yake ikugulitsa masheya, msodzi aliyense akhale mwini banki. Atangotchula za masheya, bwalo lonse linatembenuka kuyang'ana Che Anubi. A Mtambo anamwetulira, poti n'chimene anawerengera. Che Masheya akagula, gombe lonse ligula. Abiti Sumani anakuwa ali ku mbali ya amayi kuti nyimbo imene mlongo wawo wakhala akutiimbira zaka zonsezi yabwera yokha pakhomo, adzuke avine.

Ana a lero sangamvetse kulemera kwa nthawi imeneyo. Chinthu chobwera ndi a tcheyamani chinali chitukuko, ndipo wokana chitukuko anali ndi dzina lina limene sitinkalitchula mokweza. Boma lathu la Mangochi ankaliyang'ana kale ndi diso lofiira. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa, ena osabwerako. Kuvomera kunali kupereka thukuta la mbumba kwa munthu amene tamuona lero. Kukana kunali kukwera galimoto ya apolisi.

Che Anubi anaimirira, napukuta magalasi ndi mkanjo. Anathokoza boma, anathokoza a tcheyamani, anathokoza mlendo, tayi yomwe anaiyamikira. Kenaka anati:

"A tcheyamani, ndalama izi si zanga, ndi za mbumba. Kwa ine zili ngati mwana wamkazi wa mlongo wanga. Munthu wabwera kudzafunsira, tamulandira. Koma inu mukudziwa, nkhoswe sipereka mwana isanakaone kwawo kwa mwamuna, isanamvenso ena amene akumufuna. Kapena mwambowu unatha?"

Apa a Mtambo anasowa pothawira. Masiku amenewo mtsogoleri wa dziko ankatchedwa nkhoswe ya amayi onse, wailesi inkaimba za nkhoswe ndi mbumba kuyambira m'mawa mpaka kutseka, ndipo tcheyamani wonena pagulu kuti unkhoswe unatha akanakagona kumene ankagonetsa anzake. Ananena kuti mwambo ulipo, ankhoswe apite koma asachedwe. Bambo wa tayi anaseka, nati khomo lake n'lotsegula. Che Anubi anasankha ine kuti ndikhale nkhoswe yaing'ono, ati chifukwa ndimatha kuwerenga zikwangwani, komanso ndikasochera m'tauni palibe amene angadandaule.

Tinakwera basi ya ku Limbe, iwo atavala mkanjo woyera uja, ine jekete yobwereka imene manja ake ankathera m'zigongono. Tinayamba ndi mabanki awiri akuluakulu. Konse anatilandira mwaulemu ngakhale tinkanunkha usipa. Che Anubi anafunsa mafunso omwewo kuwiri konse, motsatana chimodzimodzi, kuti asakondere. Anamva kuti ndalama zimapita kwa olima tiyi, a nzimbe, a masitolo, a fodya, a malole, anthu ambirimbiri. Ina inkapereka chiwongoladzanja chokwererapo pang'ono, inayo inali ndi nthambi pafupi ndi kwathu. Pomaliza ankatsitsa mawu n'kufunsa ngati munthu wonga iwo angagule kagawo ka bankiyo. Kuwiri konse anawayankha kuti magawo ali ndi eni ake kale, sagulitsidwa pa kauntala. Yankholo analidziwa asananyamuke kumudzi. Anangofuna kulimva ndi khutu lawo.

Ku banki ya tayi ine ndinkayembekeza kupeza kachipinda kuseri kwa telala, kuti ndidzakhale ndi nkhani yoseketsa anthu. Sizinatero. Inali ofesi yeniyeni, ya kapeti, chokupiza mphepo chikuzungulira kudenga, mayi wina akulemba pa makina. Anatipatsa tiyi wa mkaka ndi mabisiketi, ine ena ndinasungitsa m'thumba la jekete ya eni ake. Bambo uja sanabise kanthu. Atafunsidwa kuti ndalama za asodzi zikagwira ntchito yanji, ananena monyadira kuti zonse zikupita ku esiteti ya fodya ya mwini kampani, ndi ku malole otuta fodya yemweyo, ndipo anationetsa zithunzi za fodya wamtali kuposa munthu. Che Anubi anafunsa za chaka chimene matalala angagwe, kapena mtengo wa fodya ungatsike. Bamboyo anati zimenezo n'za Mulungu. Che Anubi anafunsanso kuti mwana wa mlongo wawo akadwala n'kufuna kugulitsa gawo lake, agula ndani. Bamboyo anati kampani yomweyo idzagula, ndalama zikakhalapo. Kenaka anatulutsa pepala la sheya, lokongola, la mphepete zagolide, n'kuwagwiritsa. Che Anubi analilandira ndi manja awiri. Analisisita pepalalo nthawi yaitali, kenaka analibweza.

Pobwerera pa basi tinadutsa Zomba, tinadutsa Liwonde. Chakufupi ndi Ulongwe Che Anubi anati, osandiyang'ana:

"Mwalimu, mkamwini ameneyu ndamudikira moyo wanga wonse. Wabwera ali ndi munda umodzi."

Pa msonkhano wachiwiri anthu anachuluka kuposa woyamba, ambiri ndalama zili m'matumba. Che Anubi anafotokoza monga imafotokozera nkhoswe yochokera ku ulendo. Anati ofunsira tawaona atatu. Awiri ali ndi minda yambiri, kudambo ndi kumtunda, mvula ikalakwa kwina amakolola kwina, koma ukwati sakufuna, akungofuna mwanayu azikawagwirira ntchito n'kumamulipira pang'ono. Wachitatu akufunadi ukwati, ndi waulemu, nyumba yake njabwino, tiyi wake ngwamkaka. Munda wake ndi waukulu, ndipo ndi umodzi. Mwana akakalowa m'nyumbamo, njira yobwerera kwawo idzadalira mwamunayo. Mawu oipa sananene ngakhale amodzi. A Mtambo anawadula n'kufunsa kuti tsono ankhoswe agamula zotani.

"Mwamuna tamukonda, a tcheyamani. Koma mwana wathu sanakule. Akakula tidzatumiza mawu."

Kuno kwathu aliyense amene anafunsirapo mkazi amalidziwa yankho limeneli. Ine ndinalilandira kawiri. Silikana, silinyoza, koma wolimva amanyamuka n'kukafuna kwina, chifukwa mwana woteroyo sakula mpaka kalekale. Anthu anaweramitsa mitu kubisa mano. Wina kumbuyo analephera kudzigwira, anzake n'kumutsatira, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunawononga zinthu. Ambiri anabwerera ndi ndalama zawo. Anagula ndi a Mtambo, abale awo, ndi ena ochepa amene anakhulupirira kapena anaopa.

Patangopita masiku ochepa galimoto ya apolisi inabwera, masana dzuwa lili pamutu, Che Anubi akuchokera ku mzikiti. Anapita nawo ku boma. Mlandu wake akuti kunyoza chitukuko ndi kuseketsa anthu pa msonkhano wa chipani. Abiti Sumani, amene chichitikireni msonkhano uja sankawalankhula mlongo wawo, anasenza chakudya n'kuyenda wapansi mpaka ku Mangochi, ndipo anabwereza ulendowo mpaka mapazi anatupa. Anthu anawalangiza kuti angogula masheyawo, a tcheyamani afewe mtima, mkuluyo atuluke. Anapita nazodi ndalamazo, atazimanga m'chiuno, mpaka pa zenera loonera akaidi, kukapempha chilolezo cha mwini mbumba. Abiti anandiuza okha zimene anayankhidwa.

"Mukagula, ndiye kuti ndagona muno pachabe. Bwererani nazo, mukazikwirire pena, chiswe chisazipeze."

Zimene ankawachita mkatimo sanatiuze. Tinangomva kwa wapolisi wina wa ku Nkhudzi kuti funso lililonse ankaliyankha chimodzimodzi, kuti iwo sanakane kanthu, mwana sanakule basi, ndipo wofunsa wina, amenenso anali ndi mbumba kwawo, anatuluka panja kukaseka. Anawatulutsa mvula itayamba, atawameta mpala, ataonda, ali ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa. Ndinapita kukawaona mawu achisoni nditakonzeratu. Ndisanatsegule pakamwa anandiuza kuti poyerekeza selo ya ku Mangochi ndi ya ku Joni, imene anagonamo kale chifukwa cha chitupa, ya ku Joni ili ndi bulangete labwino koma ya kwathu nyemba zake n'zakupsa.

Banki ya tayi chaka choyamba inagawa phindu, ndipo a Mtambo anagula wailesi yaikulu imene ankaikweza dala Che Anubi akamadutsa. Chaka chotsatira inagawa zochepa. Kenaka fodya sanachite bwino, makalata anasiya kubwera, ndipo amene anapita ku Limbe anapeza muofesi muja mukugulitsidwa nsapato. Sindikunena kuti anali akuba, ine sindinawaone akuba. Munda unali umodzi.

Tonse tinkadikira kuti Che Masheya anyade. Iwo anapita kwa mayi wina wamasiye, Abiti Ndala, amene anagula sheya imodzi chifukwa cha mantha, n'kumupempha kuti awagulitse pepalalo pa mtengo womwe analigulira. Anagulitsa mbuzi yawo kuti alipire. Shehe wa pamudzi atamva anabwera kudzawadzudzula. Awiriwa anali atakangana zaka zambiri, shehe akuti phindu la banki ndi riba, ndalama yoletsedwa kwa Msilamu, iwo akuumirira kuti mwini gawo amagawana phindu ndi kuluza komwe, ndiye si riba. Tsiku limenelo shehe anati tsopano zapitirira pa mkangano, munthu wagwa m'tchimo lenileni. Che Anubi anawaonetsa pepala la mphepete zagolide n'kuwafunsa kuti banki yakufa ingabale riba yotani. Shehe anamaliza tiyi wawo n'kumapita. Imeneyo ndiyo sheya yokhayo imene Che Anubi anakhala nayo moyo wawo wonse.

Ndalama za mbumba zinagona m'nthaka mpaka mkwiyo wa a Mtambo utapola. Kenaka Che Anubi anakhala nyengo yathunthu pagombe akuyerekeza zilimira za eni osiyana. Sankafunsa kuti ndani wapha zambiri tsiku labwino. Ankaona amene alovi ake, anthu okoka ukonde aja, samuthawa, amene amasoka ukonde bowo likadali laling'ono, amene mwera ukawomba masabata angapo amakhalabe ndi chodyetsa anthu ake. Ine anandituma kukagogoda maboti awo ngati ndikungocheza. Anawagulira amayiwo theka la chilimira china, ndi gawo laling'ono m'china chopikisana nacho, ati china chikabwera chabe chinzake chiziwadyetsa. Zotsala anamangitsira mathandala oyanikapo usipa, a bango, aataliatali, kuti nsomba zisamadye mchenga. Ana amene anaphunzira ndi ndalama za mathandala amenewo ndi ambiri, ena lero amatipatsa moni m'Chingerezi.

Che Anubi anamwalira chipani chikadali chimodzi, msika wa masheya usanafike m'dziko muno. Abiti Sumani anawalira mokalipa, akuwafunsa kuti imfa anaiyerekeza ndi chiyani kuti aivomere msanga chotero.

Mathandala akadalipo. Bango lake lasinthidwa kambirimbiri koma mizere yake ndi yomweyo. Kumapeto kwa mzere wa kumpoto kuli mpata umene amayi sanamangepo kanthu, ngakhale malo akusowa ndipo ogula a malole amadandaula. Pamenepo ndi pomwe Che Anubi ankakhala masiku awo omaliza, pa bwato lakale lovundikira, akutsokomola, akuitanitsa madengu awiriawiri kuti ayerekeze usipa. Bwatolo linaola, anthu anasonkhera moto. Patsala chitsa cha mkuyu umene ankatsamira. Dzulo m'mawa ndinadutsapo. Amayi awiri ankakangana ndi wogula za usipa wa yani umene uli wouma bwino, dengu lina lili apa, lina patali, ndipo panalibe wowauza kuti awasendeze pamodzi. Ndinatsegula pakamwa, kenaka ndinakumbukira kuti ine ndine kalipentala. Mpatawo ndinausiya momwe ndinaupezera, mchenga wosapondedwa pakati pa gombe lodzaza ndi anthu.